Chitsime cha Alendo a Mapiko: Mbiri ya Mbalame za ku Kuwait

 Yakwana nthaŵi ija timakamba za mbiri yakale. Kaŵirikaŵiri mbiri imene timakamba imakhala ya mafumu, ya nkhondo ndi ya maulendo a makolo athu. Lero tikamba za maulendo a mbalame, ndiponso za dziko lina laling'ono la m'chipululu kumene mbalamezo zimapumulira zili pa ulendo.

Tiyambire kwathu konkuno. Mvula ikagwa m'chigwa cha Shire, m'mabango ndi m'zitsamba za ku Nchalo mumafika kambalame kotuŵa pamsana, koyera kumimba, ka mlomo wautali. Kulemera kwake ndi pafupifupi magalamu 20 basi. Sikakonda kudzionetsa, ndipo munthu wodula nzimbe angathe kukadutsa tsiku ndi tsiku osadziŵa kuti wadutsa mlendo wochokera kutali. Kambalame kameneka sikamanga chisa kuno. Kamaswa m'madambo a dziko la Iraq pafupi ndi mzinda wa Basra, ndiye chifukwa chake akatswiri amakatcha Basra reed warbler, ndiko kunena kuti kambalame ka m'bango ka ku Basra. Kuti kafike ku Nchalo kamauluka mtunda woposa makilomita 5,000. Kakangotuluka m'madambo a kwawo, kamapeza kutsogolo kwake chipululu, ndipo pakhomo penipeni pa chipululucho pali dziko la Kuwait.

Dziko lopanda mtsinje

Kuwait ndi dziko laling'ono. Kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 17,800, kutanthauza kuti limachepa kwa Chigawo cha Kumpoto cha dziko lathu lino. Lili kumapeto kwenikweni kwa nyanja ya Gulf, pakati pa Iraq ndi Saudi Arabia. M'dziko monsemo mulibe mtsinje ngakhale umodzi woyenda madzi chaka chonse, mulibenso nyanja ya madzi akumwa. Mvula ya chaka chathunthu imangopitirira pang'ono mamilimita 100, imene kwathu kuno ingagwe m'masiku oŵerengeka a mwezi wa Januwale. Kutentha kwake ndi koopsa. Pa 21 Julaye 2016, pamalo otchedwa Mitribah, kudatentha mpaka madigiri 53.9, ndipo chiŵerengero chimenechi chili m'gulu la zapamwamba kwambiri zimene zidalembedwapo pa dziko lapansi.

Munthu angaganize kuti m'dziko lotere mbalame ndi zosoŵa. Koma mitundu ya mbalame imene yalembedwa ku Kuwait ndi yoposa 400. Malaŵi, dziko la nyanja, mapiri ndi nkhalango, lili ndi mitundu pafupifupi 650. Tsono zikutheka bwanji kuti dziko la mchenga lokhalokha liyandikire chotere?

Yankho lake ndi malo amene dzikoli lidakhala. Mbalame zambiri za ku Kuwait si eni mudzi ayi, ndi apaulendo. Chisanu chikayandikira ku Russia, ku Kazakhstan ndi kum'maŵa kwa Ulaya, tizilombo timene mbalame zimadya timasoŵa, ndipo mbalame zimanyamuka kuloŵera ku Africa. Zambiri zimadzera kumapeto kwa nyanja ya Gulf. Kum'maŵa kwa maloŵa kuli mapiri a Zagros a ku Iran, kumwera ndi kumadzulo kuli chipululu chachikulu cha Arabia. Motero Kuwait ali ngati nyumba yomaliza pamseu usanaloŵe m'thengo. Kuyambira Ogasiti mpaka Novembala mbalame zimadutsa kupita kumwera, ndipo kuyambira Malichi mpaka Meyi zimadutsanso kubwerera kwawo. Mbalame yotopa ikaona kamtengo kamodzi kapena kadziŵe kamodzi pakati pa mchenga, imatera pomwepo. Choncho mbiri ya mbalame za m'dzikoli ndi mbiri ya madzi: kumene adali, amene adawasunga, ndi amene adawaononga.

Masiku a ngalaŵa ndi akabaŵi

Mudzi wa Kuwait udakula m'zaka za m'ma 1700, pamene mabanja a fuko la Bani Utub adachoka m'kati mwa Arabia nakhazikika pagombe. Banja la Al Sabah, limene likulamulira mpaka lero, lidayamba ufumu wake chapakati pa zaka zimenezo. Anthu ankakhalira nyanja. Ena ankamira pansi pa madzi kufunafuna ngale, ena ankayendetsa ngalaŵa za matanga kupita ku India ndi ku gombe la kum'maŵa kwa Africa. Ankanyamuka atasenza zipatso za kanjedza za ku Basra, mphepo ikuwakankhira kumwera, nafika ku Mombasa, ku Zanzibar, mpaka pamathiriro a mtsinje wa Rufiji kumene ankadula mitengo yomangira madenga. Mphepo ikatembenuka ankabwerera kwawo. Mlembi wina wa ku Australia, Alan Villiers, adayenda nawo ulendo wotere mu 1938 ndi 1939. Amalinyero aŵa ankatsata nyengo monga momwe mbalame zimachitira, ndipo njira yawo sinkasiyana kwenikweni ndi ya mbalamezo.

Madzi m'mudzimo adali a mtengo wapatali. Zitsime zidali zochepa, zambiri za madzi a mchere. Anthu atachuluka, ngalaŵa zinkapita kukatunga madzi ku mtsinje wa Shatt al-Arab ku Iraq, nadzawagulitsa pagombe m'matumba a zikopa. Malo obiriŵira enieni adali ku Jahra, kumadzulo kwa mudziwo, kumene kudali zitsime, minda ndi mitengo ya kanjedza. Apaulendo a ngamira ankapumulira kumeneko, ndipo mbalame nazo zinkatera komweko.

Anthu a m'chipululu, oŵeta ngamira ndi nkhosa, ankazidziŵa bwino mbalame. Luso lawo lalikulu lidali kusaka ndi kabaŵi. Nyengo ya kutentha ikatha, akabaŵi ankadutsa kuchokera kumpoto. Mlenje ankagwira mmodzi ndi msampha, namuphimba kumaso, namugoneka pafupi ndi iye, kumulankhula ndi kumudyetsa pamanja kwa milungu ingapo mpaka atazoloŵerana. Ndiye m'nyengo yozizira ankasaka naye akalulu ndi mbalame yaikulu ya miyendo yaitali imene Aluya amaitcha hubara, imene nyama yake inkakometsa mphika wa banja. Nyengo ya kutentha ikabwerera, mlenje ankamasula kabaŵi uja kuti apite kwawo kukaswa. Sankamusunga, chifukwa m'chilimwe cha kumeneko adalibe nyama yoti azimudyetsa. Umphaŵi womwewo ndiwo unkateteza mbalame. Munthu woyenda pa ngamira, wokhala ndi kabaŵi mmodzi, sakadatha kupha zambiri.

Anyamata a m'mudzi nawonso adali ndi nyengo yawo. Mbalame zing'onozing'ono zikamadutsa m'mwezi wa Malichi ndi Epulo, iwo ankatchera misampha yotchedwa fakh, nyambo yake ili kambozi. Inu amene mudakula ndi ulimbo ndi legeni mukuidziŵa nkhani imeneyi popanda wokufotokozerani.

Koma sikuti zonse zidapulumuka. M'chipululu cha Arabia mudali nthiŵatiŵa za mtundu wakewake, zocheperapo kwa za kuno ku Africa. Zitabwera mfuti zamphamvu ndi galimoto zotha kuthamanga pamchenga, nthiŵatiŵazo zidalibe kothaŵira. Pofika m'zaka za m'ma 1940 zidali zitatsala pang'ono kutha, ndipo yomaliza imene imatchulidwa ndi ya mu 1966 ku Jordan. Lero mtundu umenewo kulibe.

Oyamba kulemba

Kwa zaka mazana ambiri anthu a ku Ulaya sankadziŵa kumene mbalame zawo zimapita m'nyengo ya chisanu. Ena ankati anamzeze amagona m'matope pansi pa maiŵe. Mu 1822, pafupi ndi mudzi wa Klütz ku Germany, adapha dokowe amene m'khosi mwake mudali mkondo wa ku Africa. Dokoweyo adauluka nawo mkondowo ulendo wonse, ndipo adakhala mboni yoyamba yosatsutsika. Mu 1899 mphunzitsi wina wa ku Denmark, Hans Christian Mortensen, adayamba kuveka mbalame timphete tachitsulo ta manambala kumwendo, kuti wodzaipeza kwina adziŵe kumene idachokera. Chaka chomwecho Sheikh Mubarak wa ku Kuwait adasaina pangano loika dziko lake pansi pa chitetezo cha Britain, ndipo kuyambira pamenepo Angerezi ena okonda zachilengedwe adayamba kufika m'derali.

Mbiri ya kambalame kathu ka ku Basra ikusonyeza momwe nzeru zimenezi zidasonkhanitsidwira pang'onopang'ono. Akatswiri adayamba kukadziŵira kuno ku Africa. Mu 1891 Gustav Hartlaub wa ku Germany adakapatsa dzina atalandira chikopa chake kuchokera m'dziko limene lero ndi Tanzania. Kumene kamaswera kudadziŵika patapita zaka pafupifupi 30, pamene Angerezi amene adapita ku Iraq pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse adakapeza m'madambo a ku Basra. Mmodzi wa iwo adali dokotala Claud Ticehurst. Mu 1925 iyeyu, pamodzi ndi Sir Percy Cox ndi Robert Cheesman, adasindikiza zimene zidapezeka zokhudza mbalame za pa zilumba za m'nyanja ya Gulf. M'masiku amenewo kuphunzira mbalame kunkachitika ndi mfuti: ankaiwombera, kuisenda, nakaisunga m'nyumba zosungiramo zakale.

Mu 1929 ku Kuwait kudafika Harold Dickson, woimira boma la Britain, pamodzi ndi mkazi wake Violet. Aŵiriŵa ankakonda kukhala m'mahema a anthu a m'chipululu ndi kumva kwa iwo maina a zomera ndi zinyama. Buku la bamboyu, The Arab of the Desert, lidatuluka mu 1949, ndipo lidasunga zambiri za usaki wa akabaŵi monga unkachitikira galimoto zisanachuluke. Mayi Dickson adalemba za maluŵa a m'chipululu mu 1955, ndipo chomera china chidatchedwa dzina lawo. Adakhala ku Kuwait zaka zoposa 60. Tiyenera kunena poyera kuti zambiri zimene alendoŵa adalemba adaziphunzira kwa eni dziko, amene maina awo ambiri sadalembedwe.

Mafuta, ndi madzi otayidwa

Mu 1938 mafuta adapezeka ku Burgan, ndipo mu 1946 sitima yoyamba idanyamuka nawo. Ufulu wodzilamulira udabwera pa 19 Juni 1961. M'zaka zochepa mudzi wa nyumba zadothi udasanduka mzinda waukulu. Ngalaŵa zotunga madzi zidasiya ntchito m'zaka za m'ma 1950, atamanga makina ochotsa mchere m'madzi a m'nyanja.

Chuma chimenechi chidabweretsa zoipa ndi zabwino kwa mbalame. Ziŵeto zidachuluka, popeza tsopano madzi ndi chakudya chake zinkapita kubusa pa galimoto, ndipo zidadya zitsamba mpaka mizu, kuphatikizapo arfaj, chitsamba cha maluŵa achikasu chimene ndi duŵa la fuko la dzikolo. Alenje a galimoto adapitikitsa hubara mpaka idasoŵa, kotero kuti lero olemera amapita kukaisaka ku maiko ena monga Pakistan. Komabe madzi omwewo a m'makina adadzetsa mitengo m'misewu, minda ya ndiwo zamasamba ku Wafra ndi ku Abdali, ndi udzu wobiriŵira pamakomo. Mbalame ina ya masaya oyera, mbale wake wa pumbwa wathu, lero imaimba m'minda ya maluŵa ya mumzinda.

Chodabwitsa koposa chidachitika ku Jahra. Tauniyo itakula, madzi oipa ochokera m'nyumba ankatayidwa kuchidikha cha mchere pafupi ndi nyanja. Palibe amene ankafuna kupangira mbalame malo. Koma pamene madziwo ankadikha padamera bango, m'bangomo mudadza tizilombo ndi tinsomba, ndipo mbalame zidatsatira. Akakowa, abakha, atsekwe a m'madzi ndi ziwombankhanga zidayamba kutera pamenepo. Mu 1987 boma lidalengeza kuti maiŵe a ku Jahra ndi malo otetezedwa. Padali zaka zina pamene madziwo adasiya kufika, maiŵe nkuuma, mbalame nkusoŵa. Atayambanso kutsira madzi oyeretsedwa, mbalame zidabwerera. Mitundu yoposa 250 yaonekapo pamalo amodzi okhaŵa.

Nthaŵi yomweyo kudabadwa mtundu watsopano wa osaka mbalame, onyamula kope, pensulo ndi magalasi oonera patali. Mu 1969 anthu ogwira ntchito m'tauni ya mafuta ya Ahmadi adayambitsa kagulu kophunzira zachilengedwe, ndipo mu 1974 eni dziko adakhazikitsa bungwe la Kuwait Environment Protection Society. Ntchito yawo idali yooneka ngati yachibwana: kudzuka mbandakucha, kukakhala phee pafupi ndi bango, ndi kulemba kuti tsiku lakuti, pamalo akuti, taona mbalame zakuti, zingapo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Phindu la makope amenewo lidadzaoneka pa tsiku la tsoka.

Chaka cha utsi

Pa 2 Ogasiti 1990 asilikali a Iraq adaloŵa m'dziko la Kuwait nalilanda. Adakhalamo miyezi pafupifupi isanu ndi iŵiri, ndipo anthu ambiri adaphedwa, ena adatengedwa osabwereranso. Mu Januwale 1991 mafuta okwana migolo mamiliyoni angapo adatayidwa dala m'nyanja. Ndipo pothaŵa mu Febuluwale, asilikaliwo adaphulitsa ndi kuyatsa zitsime za mafuta zoposa 600. Utsi udaphimba dzuŵa kotero kuti masana ankaoneka ngati usiku. Moto womaliza udazimitsidwa pa 6 Novembala 1991.

Mafuta a m'nyanja aja adatsetserekera kumwera nakakuta gombe la Saudi Arabia. Akatswiri adaŵerengera kuti mbalame za m'nyanja pafupifupi 30,000 zidafa. Zambiri zidali za mtundu wa zija zakuda, zomira pansi pa madzi kugwira nsomba, zonga zimene zimadzaza pa chilumba cha Boadzulu ku Mangochi. Nthenga ikanyowa ndi mafuta sitchinganso madzi kapena kuzizira, ndipo mbalame ikayesa kudzipukuta ndi mlomo imameza chiphe. Ku Jubail anthu odzipereka adatsegula malo otsukira mbalame, koma zimene adapulumutsa zidali zochepa poyerekeza ndi zimene zidafa.

Kumtunda kudali msampha wina woipa koposa. Mafuta otuluka m'zitsime zophulika amene sadapse adayenderera nadikha m'malo otsika, napanga maiŵe akuda pafupifupi 300. Kumbukirani kuti mbalame yodutsa m'chipululu imafunafuna chinthu chimodzi, ndicho kunyezimira kwa madzi. Dziŵe la mafuta likaonedwa kuchokera kumwamba limanyezimira chimodzimodzi. Moto udayaka m'nyengo imene mbalame zinkabwerera kumpoto, ndipo udali usanazime pamene zinkapitanso kumwera. Abakha, akakowa ndi mbalame za m'matope zinkatera kuti zimwe, osanyamukanso. Anamzeze, amene amamwa akuuluka mwa kukhudza madzi ndi mlomo, ankakodwa mapiko. Charles Pilcher, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Kuwait amene adaŵerenga mbalame za m'dzikolo kwa zaka zambiri nkhondo isanabwere, adayendera maiŵewo naŵerenga mitembo m'mphepete mwake, ndipo zimene iye ndi mnzake adapeza zidasindikizidwa mu 1993. Chifukwa cha makope akale aja, kudali kotheka kunena zimene zidalipo kale ndi zimene zidatayika. Pambuyo pake bungwe la United Nations lidagamula kuti Kuwait alandire ndalama pafupifupi madola 3 biliyoni zokonzera nthaka yoonongekayo, ndipo ntchito yochotsa dothi la mafuta idatenga zaka makumi angapo.

Nkhondoyo idasiyanso phunziro limene palibe adaliyembekezera. Mabomba okwirira pansi adatsala ambirimbiri m'chipululu, ndipo m'malire ndi Iraq mudaikidwa mpanda. Abusa ndi alenje adaleka kupita m'malo amenewo. Patangopita zaka zochepa, zitsamba zidaphukanso kumeneko kuposa kwina kulikonse. Anthu adaona ndi maso awo kuti chipululu sichidafe, chinkangofuna kupuma. Nzeru imeneyi idathandiza kuti malo aakulu oposa masikweya kilomita 300 kumpoto kwa Jahra atchingidwe bwino ndi mpanda, ndipo mu 2004 adatsegulidwa ndi dzina lakuti Sabah Al-Ahmad Natural Reserve.

Dambo la ku Basra

Nanga kambalame kathu kaja? Tsoka lake lidabwera nkhondo itatha. Anthu a kumwera kwa Iraq ataukira boma la Saddam Hussein mu 1991, ena adabisala m'madambo aakulu a pakati pa mitsinje ya Tigris ndi Euphrates. Boma lidakumba ngalande ndi kumanga makoma opatutsa madzi, ndipo pofika chaka cha 2000 pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 a madambowo adali atauma. Anthu zikwi zambiri okhala m'nyumba za bango, oŵeta njati za m'madzi ndi asodzi, adabalalika.

Amene adazindikira msanga za kambalameka adali anthu okhala kutali kwambiri ndi Iraq. Ku Ngulia, m'nkhalango ya Tsavo ku Kenya, anthu akhala akutchera maukonde ndi kuveka mphete mbalame zodutsa kuyambira 1969. M'zaka zimene madambo ankauma, iwo adaona kuti kambalame ka ku Basra kakuchepa m'maukonde mwawo. Mu 2004 kadalembedwa m'gulu la mbalame zimene zili pa ngozi ya kutha. Boma la Saddam litagwa mu 2003, eni madambo adagumula makoma aja ndipo madzi adabwerera m'madera ena. Mu 2016 bungwe la UNESCO lidaika madambowo pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse, ngakhale kuti chilala ndi madamu a kumtunda kwa mitsinje akuwaumitsabe zaka zina. Ndipo m'bango lomera pa madzi otayidwa ku Jahra, oyang'ana mbalame adapeza kuti kambalameka kayamba kuswa. Akuluakulu adati chitsime chimadziŵika kuya kwake chikaphwa. Dambo lalikulu litauma, m'pamene kadziŵe ka ku Jahra kadadziŵika mtengo wake.

Mfuti ndi kope

Lero kuyang'ana mbalame ku Kuwait si ntchito ya alendo okha. Eni dziko ambiri adaitenga, ndipo ena ndi akatswiri ojambula mbalame. Mu 2005 George Gregory adasonkhanitsa zolembedwa zonse zakale m'buku limodzi, ndipo mu 2012 kudatuluka buku lalikulu la zithunzi lokonzedwa ndi Mike Pope ndi Stamatis Zogaris. Pali komiti imene imaunika umboni munthu akati waona mbalame yachilendo, kuti mndandanda wa dziko ukhale woona.

Zoti aone zilipo zambiri. Madzi a m'nyanja akaphwa ku Sulaibikhat, pafupi ndi mzinda, mbalame zofiirira za miyendo yaitali zotchedwa flamingo zimadya m'matope magalimoto akudutsa chapafupi. Pa kachilumba ka mchenga ka Kubbar, mbalame zoyera za m'nyanja za mchira wamphanda zimaikira mazira pansi zikwizikwi m'chilimwe. Ndipo pa chilumba chachikulu cha matope cha Bubiyan pamaswa mbalame yodya nkhanu, yoyera ndi yakuda, ya mlomo wonenepa. Imeneyi imakumba una wautali mumchenga ngati mbeŵa, niikira dzira limodzi loyera kumapeto kwake. Dzuŵa limatenthetsa mchengawo mokwanira kuti dzira lifunde ngakhale make atachoka kukasaka. Ana akakula, zambiri zimapita ku magombe a Kenya, Tanzania, Mozambique ndi Madagascar. Mu 2015 Kuwait adaloŵa m'pangano la Ramsar loteteza madambo, ndipo malo oyamba amene adalembetsa adali kumpoto kwa chilumba chimenechi, kumene kuli gulu lalikulu la mbalamezi.

Komabe mfuti sinatonthole. Kwa zaka zambiri oŵerenga mbalame ankati akafika pa kamunda ka m'chipululu m'nyengo ya ulendo, ankapeza mbalame zing'onozing'ono zili mbwee pansi pa mitengo, zophedwa mwamaseŵera, osati chifukwa cha njala. Mu 2014 dzikolo lidakhazikitsa lamulo latsopano la zachilengedwe loletsa kupha zinyama ndi mbalame za m'tchire popanda chilolezo. Koma kafukufuku wa bungwe la BirdLife International amene adatuluka mu 2019 adaŵerengera kuti m'maiko a ku Arabia, pamodzi ndi Iraq ndi Iran, mbalame pakati pa 1.7 miliyoni ndi 4.6 miliyoni zimaphedwa mosatsata lamulo chaka ndi chaka. Lamulo lili pa pepala, ndipo chipululu n'chachikulu.

Kubwerera kwathu

Tisanaloze chala Aluya, tiyang'ane kwathu. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 mayi wina wotchedwa Dale Hanmer ankatchera maukonde ku Nchalo, kuveka mbalame mphete ndi kuzimasula. Zolemba zake ndi zina mwa zimene zidatsimikiza kuti kambalame ka ku Basra kamathera nyengo ya mvula m'chigwa cha Shire. Adapezanso kuti mbalame zina zochokera kumpoto zimabwerera pamalo omwewo chaka chotsatira, zitayenda ulendo wonse uja kupita ndi kubwera. Chiwombankhanga chotuŵa cha m'zidikha za Kazakhstan, chimene chimadutsa pamwamba pa Jahra m'mwezi wa Okutobala, chimafika kuno kumwera kwa Africa mvula yoyamba ikagwa, nichitera pa chulu kudya inswa. Nachonso chidalembedwa mu 2015 kuti chili pa ngozi ya kutha.

Ifenso tili ndi madambo amene tidalembetsa m'pangano lomwelo la Ramsar: nyanja ya Chilwa, imene idakhala yoyamba, ndi dambo la Elephant Marsh mu 2017. Nyanja ya Chilwa idauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo nsomba zikasoŵa anthu amatembenukira kwa mbalame. Kafukufuku wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 adaŵerengera kuti mbalame za m'madzi zoposa miliyoni imodzi zinkagwidwa kumeneko pa chaka. Mlenje wa ku Chilwa amasakira ndiwo ndi ndalama za sukulu, ndipo sitingamuyerekeze ndi munthu wowombera mbalame pofuna kutaya nthaŵi. Koma iye yemwe akudziŵa kuti akatchera m'nyengo ya mazira, chaka chamaŵa msampha wake udzagwira mphepo.

Mbalame ya paulendo imafuna malo atatu: kumene imaswa, kumene imapumulira, ndi kumene imathera nyengo yachisanu ya kwawo. Amodzi mwa maloŵa akaonongeka, ena aŵiriwo sangaipulumutse. Anthu a ku Basra asunga oyamba, a ku Kuwait asunga achiŵiri, ndipo achitatu ali m'manja mwathu.

Tsono inu aphunzitsi ndi ana a sukulu amene mukumvera, yesani ntchito ija ya anthu a ku Ahmadi. Sifuna ndalama. Tengani kope, mulembe tsiku limene anamzeze a khosi lofiira afika pa mawaya a kwanuko, ndi tsiku limene asonkhana kuti anyamuke. Funsani agogo maina a mbalame za kudambo, muwalembe asanaiŵalike. Ndipo wina akapeza mbalame ya kamphete kumwendo, asataye kampheteko. Alembe nambala yake, tsiku ndi malo, apereke kwa alangizi a zanyama za m'tchire, chifukwa kwinakwake kuli munthu amene akudikira kumva kumene mbalame yake idafika.

Makolo athu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Pofika Epulo alendo athu a mapiko adzakhala atanyamuka, ndipo ena a iwo adzakatera pa maiŵe a ku Jahra kuti amwe.